Ntchito zokonza ma sisitimu a m'zipatala, munthu wa ICT amalowera khomo liti?

Mnyamata_wa_ku25 walemba:

Moni nonse akuluakulu. Ndikupempha amene mukugwira ntchito m'zipatala kapena m'mabungwe a zaumoyo mundigawireko nzeru. Ine ndinamaliza digiri ya ICT, pano ndili pa kakampani kena mu Lilongwe momwemu, ntchito yanga kukonza ma purinta, kukoka mawaya a netiweki, kuika ma antivirus, basi zomwezo tsiku ndi tsiku. Ndikuthokoza kuti ndili pa ntchito koma mtima wanga uli ku zachipatala.

Mayi anga amadwala BP ndi shuga nde mwezi ndi mwezi ndimawaperekeza ndine ku kiliniki, ndipo zimene ndimaona kumeneko zimandiwawa kwambiri. Munthu mmodzi kumulemba dzina katatu, pakhomo, kwa adokotala, kenako ku famase. Kabuku kakanyowa kapena kutayika ndiye kuti mbiri yonse ya matenda yapita, adokotala amayambanso kufunsa kuti mumamwa mankhwala anji ndipo mayi amangoti timapilisi toyera tating'ono. Zotsatira za ku labu kudikira mpaka dzuwa kupendeka pomwe magazi anatenga m'mamawa. Koma pachipatala chomwecho mbali ya ma ARV anthu amangosikana ka bakodi mzere nkumayenda bwinobwino, nde ndimadzifunsa kuti amene anapanga zimenezi ndi ndani ndipo bwanji sizinafike mbali zinazi.

Ndikufuna kudziwa kuti ntchito ngati imeneyi, yoona mmene zinthu zikuyendera m'chipatala nkuzikonza pogwiritsa ntchito makompyuta, m'ma adiveti imatchedwa chani? Amalemba ndani? Kodi mpaka ndikhale ndi masitazi kapena ndiyambe ndaphunzira za unamwino? Ndipo ndi ntchito yoti munthu ungaidalire nkusiya yomwe uli nayo? Chonde ndithandizeni.

Wakale_wa_EMR wayankha:

Achimwene funso lanu landikhudza chifukwa ntchito imeneyi ndi imene yandidyetsa zaka zambiri, ndinayambira kunyamula makina kupita nawo m'zipatala za m'maboma mpaka kudzakhala pakati pa anamwino ndi anyamata olemba ma pulogalamu. Mundipirire ndilemba zambiri.

Chimene mwaona ku ma ARV chija chinayambira mu Lilongwe momwemo, pa Kamuzu Central cha m'ma 2001, pamene Gerry Douglas ndi anzake amene anadzakhala Baobab Health anaika timakompyuta todina pa sikirini kuti azilembera ana obwera kuchipatala. Ma ARV aulere atayamba mu 2004 anthu anachuluka koopsa moti ma master card, makadi a pepala a wodwala aliyense, ndi makaundula zinayamba kulemera, nde cha m'ma 2006 kunabwera sisitimu ya ma ARV ija. Tsono onani maganizo amene anali kumbuyo kwake. Anaona kuti nesi sanaphunzire kutayipa komanso alibe nthawi, nde anachotsa kiyibodi ndi mausi, funso limodzi pa sikirini imodzi, mabatani akuluakulu oti chala chisaphonye. Anaona kuti magetsi amathima nthawi ina iliyonse, nde makina amayendera mabatire ndipo moto wake umadutsa mu waya wa netiweki womwewo. Anaonanso kuti Mmalawi amayenda ndi kabuku kake ka kuchipatala ndipo sangakasiye, nde sanalimbane nako, anangopanga kuti purinta izitulutsa sitika yomata m'kabukumo. Amene anaganiza zimenezi anayamba wakhala kaye pa benchi nkuonetsetsa mmene wodwala amayendera kuchoka pa geti mpaka pa windo la famase. Ntchito mukuifunayo ndi imeneyo, kompyuta imabwera pambuyo.

Ndikupatseni chitsanzo. Pachipatala china anatiitana kuti sisitimu yanu ikuchedwetsa mzere. Titafika sitinatsegule ndi seva yomwe, tinangokhala pakona ndi wotchi ndi pepala kulemba kuti wodwala walowa nthawi yanji, watuluka nthawi yanji pa tebulo lililonse. Tinapeza kuti kwa a kiliniko zimayenda bwino, vuto linali pakhomo, kalaliki mmodzi yemweyo ndi amene amalembetsa anthu, yemweyo kukasaka ma fayilo kuchipinda china, yemweyonso kukweza anthu pa sikelo. Ndipo chifukwa cha phuma, munthu akabwera opanda kabuku samamusaka mu sisitimu, amangomutsegulira nambala yatsopano. Mukudziwa kwathu kuno a Banda ndi a Phiri ndi ambirimbiri, agogo ambiri tsiku lobadwa sakulidziwa, nde munthu mmodzi amapezeka ali ndi manambala atatu, lipoti nkumaonetsa kuti anthu awiri anasiya mankhwala pomwe munthuyo akumwa bwinobwino. Tinasuntha sikelo kuipereka kwa wothandiza odwala, ma fayilo tinawabweretsa pafupi ndi tebulo, ndipo tinapempha olemba pulogalamu kuti isamalole kutsegula nambala yatsopano usanasake dzina, mudzi ndi T/A. Mzere unayamba kuyenda. Pa zinthu zitatuzo chimodzi chokha ndi chimene chinafuna kusintha pulogalamu. Kuika kompyuta pa ndondomeko yosokonekera kuli ngati kufolera malata atsopano pa nyumba ya zipupa zong'aluka.

Za maina a ntchito, m'ma adiveti muziyang'ana EMR support officer kapena deployment officer (EMR ndi sisitimu yosunga mbiri ya odwala pa kompyuta), amenewa ndi makomo olowera anthu ngati inu chifukwa amafuna wodziwa netiweki, Linux ndi kukonza makina. Mukakhalako mumakwera kukhala business analyst kapena systems analyst, ameneyu ndi amene amamva zofuna za anamwino nkuzilemba mwa njira yoti developer amvetse. Kulinso health informatics officer, data manager, ndi a M&E, owunika ngati ntchito ikubala zipatso. Olemba ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo womwe uli ndi nthambi ya digital health, EGPAF imene inatenga sisitimu ya ma ARV kuchoka kwa Baobab mu 2019, Luke International kumpoto, Partners In Health ku Neno amene amagwiritsa ntchito EMR yotchedwa OpenMRS, Lighthouse, VillageReach eni ake a Chipatala Cha Pa Foni poyamba, zipatala za CHAM ndi za pulayiveti, komanso a kafukufuku ngati MLW ku Blantyre ndi UNC Project ku Lilongwe.

Unamwino simukuyenera kukauphunzira ayi, koma chilankhulo chawo muchidziwe. Mu 2019 pamene anthu ambiri amawasintha kuchoka pa mtundu wa ma ARV wa 5A kupita pa wa 13A, sisitimu nayo imayenera kusintha, ma lipoti kusintha, mawerengedwe a mankhwala otsala kusintha, ndipo wa ICT amene samadziwa kuti 13A ndi chani amangoti kakasi mu miting'i. Pezani ma gayidilayini a Unduna a HIV, a TB, a matenda ngati a mayi anuwo, muwerenge ngati mukukonzekera mayeso.

NesiWaUsiku wayankha:

A Wakale mwalankhula bwino koma mundilole ndiikepo mbali yathu ife amene timatsala ndi makinawo inu mukakwera galimoto kubwerera ku tauni.

Achimwene anga, chinthu choyamba chimene chimatipweteka ndi kulemba kawiri. Amabwera ndi thabuleti kapena kompyuta nkutiuza kuti ntchito ipepuka, koma kaundula wa pepala sanamuchotse chifukwa a ku ofesi akufunabe kumuona akabwera ku supavishoni. Ndiye iwe uli wekha mu wodi usiku, odwala mpaka ena agona pansi, mayi wina akubereka uko, ulembe mu fayilo, ulembe mu kaundula, ulembenso mu kompyuta. Ukuganiza chimene chitsalire ndi chiti? Ndi kompyutayo basi. Kenako kumabwera lipoti loti anamwino akukana zamakono, pomwe palibe anatifunsa kuti usiku mumakhala angati.

Chachiwiri netiweki ikagwa kapena sitika zikatha mu purinta, timaimba foni osayankhidwa, mwina munthu abwere patatha masabata. Nthawi yonseyo tabwerera ku pepala, ndipo makina akadzuka pali mulu wa mapepala oti wina awalowetse, wina wake ndani? Nde ngati mulowe ntchito imeneyi chonde muziganiza kaye kuti tsiku limene sisitimu yafa anthu achita bwanji, fomu yake ndi iti, adzalowetsa ndani, liti. Wa ICT amene amayankha foni Lamlungu ndi kutiuza zoona kuti sindingabwere lero koma chitani chakuti, ameneyo timamukonda ndipo chilichonse chimene angabweretse timachilandira.

Pali nkhani ya pasiwedi. Pena kompyuta imakhala imodzi anthu asanu, kulowa ndi kutuluka kumatenga nthawi, nde onse amangogwiritsa ntchito dzina la amene analowa m'mawa. Ndi zolakwika inde, chifukwa mankhwala akalembedwa molakwa dzina limene lioneke ndi la munthu amene panalibe. Koma yankho lake si kutikalipira, pezani njira yoti kulowa kuzikhala kwachangu.

Ndipo ichi ndikunena ndi mtima wonse. Mukadzakhala ndi mphamvu yolowa mu seva mudzaona maina a anthu amene mumapemphera nawo, a neba anu, mwina ndi achibale, ndi matenda awo. Ife tinalumbira kusunga chinsinsi, inu simunalumbire koma katundu wake ndi yemweyo. Munthu mmodzi akangoulula, mudzi wonse umasiya kubwera kudzatenga mankhwala pa chipatala chimenecho, amayamba kukwera minibasi kupita kutali komwe sakudziwika ndipo transipoti ikasowa amadumphitsa mankhwala.

Pomwe ndikusiyana pang'ono ndi a Wakale ndi apa, kuwerenga ma gayidilayini kokha sikukwana. Mu timu iliyonse yopanga sisitimu muzikhala nesi kapena kiliniko amene akugwirabe ntchito, osati amene anachoka mu wodi kalekale. Zipatala zambiri zaboma zili ndi timagulu toona za ubwino wa ntchito, ma QIST ndi ma WIT aja a 5S-KAIZEN amene anabwera ndi thandizo la JICA. Mukafika pa chipatala funsani anthu amenewo, mavuto a mzere ndi a ma fayilo anawalemba kale pa ma chati kukhoma, akungosowa wowathandiza.

Kalaliki_wa_Deta wayankha:

Aise ine ndikulozera khomo lina limene anthu a ICT amalinyoza koma ndi lotseguka kuposa enawo, la deta. Ndili ku ofesi ya HMIS, yosonkhanitsa manambala a zaumoyo, pa boma lina. Mwezi ukatha ma health centre onse amatumiza ma lipoti, ambiri akadali a pepala, ena amabwera pa njinga yamoto ena pa WhatsApp chithunzi chosaoneka bwino, ife nkumalowetsa mu DHIS2, sisitimu imene Unduna umasonkhanitsiramo manambala a zaumoyo a dziko lonse. DHIS2 inapangidwa ndi University of Oslo ku Norway, Malawi inasamukirako mu 2012 kuchoka ku DHIS yakale, ndipo maiko ambiri a mu Africa ndi Asia akugwiritsa ntchito yomweyo, kutanthauza kuti ukaidziwa bwino luso lako silithera pa Mchinji kapena pa Mwanza.

Ubwino wake kuphunzira ndi ulere. Pa intaneti pali DHIS2 Academy, makosi oyambira salipiritsa ndipo amapereka satifiketi, palinso demo yake yokhala ndi deta yoyeserera ya ku Sierra Leone yoti utha kuseweretsa mmene ungafunire osaononga kanthu. Yamba ndi aggregate, mbali ya manambala ophatikizidwa, kenako Tracker, yotsata munthu mmodzi mmodzi, chifukwa iCHIS imene ma HSA akugwiritsa ntchito pa mafoni ndi ma thabuleti m'midzi inamangidwa pa DHIS2 yomweyo. Mbali yotsata mankhwala amene alipo m'zipatala kuli sisitimu ya OpenLMIS. Uwonjezere Excel yeniyeni, ma pivot ndi ma lookup osati kungojambula ma tebulo, ndi SQL, chilankhulo chofunsira database. SQL usainyengerere, ma EMR athu ambiri pansi pake pali MySQL, DHIS2 pansi pake pali PostgreSQL, munthu wodziwa kufunsa database yekha sadikira wina.

Ntchito yokonza ndondomeko kuno iliko yambiri. Umapeza chipatala chalemba kuti amayi obereka ndi ochepa kuposa ana obadwira pomwepo mwezi womwewo ndi kusiyana kwakukulu koti mapasa sangafotokoze, ukatsatira umapeza kuti mawodi awiri amawerenga mosiyana, wina amatseka mwezi pa 25 wina pa 30. Nthawi ya kolera ya 2022 mpaka 2023 tinaona kufunika kwake, manambala akachedwa tsiku limodzi ndiye kuti madiripu ndi klorini zapita kolakwika pomwe kwina anthu akufa. Pamenepo ndi pamene ndinasiya kuiona ntchitoyi ngati yongolowetsa manambala.

Za masitazi ine ndingati usathamangire. UNIMA ku Zomba ili ndi masitazi ya Informatics ndipo anthu ambiri a DHIS2 kuno anadutsa kumeneko, ndi yabwino, koma imakoma ukapita uli kale ndi mafunso ochokera ku ntchito. Pa intaviyu ya ntchito yoyamba palibe adzakufunse thesis, adzakufunsa kuti lipoti la mwezi silikugwirizana ndi kaundula, uyambira pati.

Mnyamata_wa_ku25 wayankha:

Zikomo kwambiri nonse, sindimayembekezera mayankho ozama chonchi. Amayi a Nesi mawu anu a chinsinsi aja ndawasunga. DHIS2 Academy ndalembetsa kale usiku womwewu. Funso langa lotsala ndi la kudalirika kwa ntchito lija, ndili ndi azing'ono anga awiri amene ndikulipirira fizi nde sindingangodumpha. Komanso alipo amene ali kunja angatiuze ngati luso limeneli limagwira ntchito kumeneko?

Mlongo_ku_Leeds wayankha:

Achimwene ndiyankhe mbali ya kunjayo. Ine ndinabwera ku UK ngati nesi, ndinagwira mu wodi, kenako chipatala chathu chitayamba kusintha kuchoka ku mapepala kupita ku sisitimu imodzi yaikulu anafuna anamwino oti aphunzire msanga nkumathandiza anzawo. Ndinadzipereka, ndipo mapeto ake ndinasamukira ku timu ya digital, pano ntchito yanga ndi kukhala ndi madokotala ndi anamwino kujambula mmene amagwirira ntchito lero ndi mmene zidzakhalire sisitimu ikabwera, kenako kuyesa ngati zimene apanga zikugwiradi.

Kuno ku NHS, zipatala za boma la UK, ma sisitimu akuluakulu ndi monga Epic ndi Oracle Health imene kale inali Cerner. Dziwani kuti satifiketi ya Epic simungangoilipira nokha muli kunyumba, amakutumiza ndi olemba ntchito, nde musapusitsidwe ndi anthu a pa intaneti ogulitsa makosi ake. Zimene mungaphunzire muli ku Malawi nkudzagwira ntchito kulikonse ndi HL7 FHIR, imene ndi njira yoti ma sisitimu awiri azitumizirana uthenga wa wodwala, ma code a matenda a ICD, SNOMED CT, ndi za kayendetsedwe ka ntchito ngati ITIL ndi PRINCE2 zimene kuno amazilemba kwambiri m'ma adiveti. FHIR zolemba zake zonse zili poyera pa intaneti.

Musaganize kuti kuno ndalama zinathetsa mavuto amene a Nesi anena. Boma la UK linayambitsa National Programme for IT mu 2002 kuti zipatala za ku England zikhale pa sisitimu zolumikizana, mu 2011 analengeza kuti akuithetsa, mtengo wake wonse unayerekezedwa kufika pafupifupi mapaundi 10 biliyoni, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene zimatchulidwa kwambiri ndi choti zinthu zinaganizidwa kumwamba osamva anthu a mu wodi. Pano ndi lamulo kuti sisitimu isanayambe kugwira ntchito pakhale clinical safety officer, amene ayenera kukhala dokotala, nesi kapena wazachipatala wina wolembetsedwa, woti aunike kuti kodi batani ili likadinidwa molakwa wodwala angavulale bwanji. Ndimalakalaka kwathu tikanakhala ndi udindo umenewu pa pulojekiti iliyonse.

Tsiku loyatsa sisitimu yatsopano timavala ma t-shirt a mtundu umodzi nkumazungulira m'mawodi usana ndi usiku kwa masabata angapo, nesi akangokweza dzanja tafika. Ndi zimene a Nesi akupempha zija, kuti munthu asakusiye wekha ndi makina.

Koma kunena zoona kulowa kuno molunjika ngati wa ICT wochokera kunja nkovuta chifukwa cha viza, ambiri amene ndikuwadziwa analowera ku unamwino kapena ku sukulu. Luso la ku Malawi la OpenMRS ndi DHIS2 limagulika msanga ku Zambia, Kenya, Rwanda, Mozambique ndi m'mabungwe a maiko ambiri, ndipo ena amagwira ali kunyumba konko.

Bambo_a_ku_Mzuzu wayankha:

Mwana wanga funso la kudalirika ndikuyankhe ine mosabisa chifukwa ndinaziona ndi maso. Ntchito zambiri zimene atchula a Wakale ndalama zake zimachokera kunja, makamaka ku boma la America kudzera ku PEPFAR, CDC komanso kale USAID, kwinaku Global Fund ndi Gates Foundation. Ndi chifukwa chake mbali ya ma ARV ili ndi bakodi pomwe kiliniki ya mayi ako ya shuga ilibe, ndalama zinabwera ndi dzina la matenda. Mu January 2025 boma la America litaimitsa thandizo lakunja, anthu ambiri a m'ma pulojekiti anauzidwa kuti akhale kaye kunyumba, ena anabwerera ena ayi, ndipo USAID yeniyeniyo inatsekedwa chaka chomwecho. Ma kontirakiti ambiri ndi a chaka chimodzi chimodzi. Malipiro ndi abwino kuposa a boma inde koma umagona ndi khutu limodzi lili ku Washington.

Nde ine langizo langa usasiye ntchito uli nayo chifukwa cha internship ya miyezi itatu. Phunzira usiku ndi Loweruka, ufunsire ntchito uli pa ntchito. Ndipo sankha maluso oti mawa pulojekiti ikatha ukhoza kulowa nawo ku banki, ku kampani ya mafoni kapena ya inshuwalansi, monga SQL, Linux, netiweki, chitetezo cha deta ndi business analysis. Pano tili ndi Data Protection Act ya 2024 imene MACRA ikuyang'anira, zipatala za pulayiveti ndi ma medical scheme adzafuna anthu omvetsa lamulo limeneli, ndipo amenewa sadalira ma donor.

Za boma usazipeputse. Malipiro ndi ochepa, zinthu zimayenda pang'onopang'ono, koma ma sisitimu onsewa mapeto ake ayenera kukhala m'manja mwa Unduna, ndipo ngati ana athu odziwa zinthu onse athawira ku ma NGO ndiye adzawalandira ndani? Zimandipweteka kuona seva yogulidwa ndi ndalama zambiri ili chizimire mu kachipinda chifukwa batire ya UPS inafa ndipo palibe amene ali ndi bajeti yake. Tikufuna anthu mkati mwa boma oti pokonza bajeti ya boma lawo aziikamo ma sitika, mabatire ndi ma bandulo a intaneti ngati mmene amaikira mafuta a ambulansi.

Wakale_wa_EMR wayankha:

A Bambo a ku Mzuzu anena zoona zokhazokha, ndipo a Nesi ndavomera, nesi wa mu wodi azikhala mu timu kuyambira tsiku loyamba osati kumuitana pa tsiku la trening'i.

Achimwene poti muli pa ntchito kale, chitani izi osasiya ntchitoyo. Ikani OpenMRS pa laputopu yanu, ndi yaulere, mupange kiliniki yongoyerekeza ya BP ndi shuga yokhala ndi odwala opeka, fomu yolembetsa, fomu ya adokotala, ndi lipoti loonetsa amene sanabwere pa tsiku lawo. Ulendo wotsatira mukaperekeza mayi, tengani pepala mujambule njira yonse imene iwo adutse, tebulo ndi tebulo, alembedwa chani pati, adikira mphindi zingati. Lembani za mayi anu okha, musajambule chithunzi cha kaundula kapena cha odwala ena, ndipo ngati mukufuna kuyeza mzere wonse kapena kufunsa ogwira ntchito, yambani mwalemba kalata kwa oyang'anira chipatalacho kupempha chilolezo. Ambiri savuta akaona kuti mwabwera mwaulemu, ena mpaka adzakupemphani muwaonere purinta ya ku labu, ndipo ubale umayambira pamenepo.

Mukatero mulembe masamba awiri okha, mmene zilili pano, pamene nthawi ikutayika, zimene zingakonzeke popanda kugula kanthu, ndi zimene zikufunadi kompyuta. Pa intaviyu anyamata ambiri amabwera ndi ma satifiketi a za netiweki a CCNA ofanana, inu mukadzatulutsa masamba awiri amenewo ndi laputopu yoonetsa kiliniki yanu ija, a panelo adzakhala tsonga. Pa CV muchotse zoti ndimakonza ma purinta basi, mulembe kuti ogwiritsa ntchito angati mumawathandiza, vuto limatenga nthawi yaitali bwanji kuti mulithetse, ndi chimene munasintha kuti lisabwerenso. Ndipo mukonzekere kuyenda, ntchito zoyambira zambiri sizikhala mu Lilongwe, adzakutumizani ku Nsanje, ku Chitipa kapena ku Mangochi kuzungulira ma health centre, laisensi yoyendetsa galimoto kapena njinga yamoto imathandiza. Mukamaliza ka OpenMRS kaja mubwere nako pompano tikaone, a Nesi akuuzeni ngati fomu yake ingatheke kudzaza munthu ali ndi mzere wa anthu 80 panja.